Matope a ku Beira pa Khonde la Apongozi

M'masiku a Chitaganya, pamudzi wina kufupi ndi siteshoni ya Lirangwe, panali mkamwini dzina lake Wilkins, amene ankatsuka mabotolo kwa dokotala wachizungu woyeza tizilombo ku Blantyre. Atabwerako ku Beira ndi bwana wakeyo, anapatsidwa chitini cha matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere kuti akachisunge kumudzi pamalo ozizira, popeza kuntchito ankapoperako mankhwala, ndipo Loweruka masana akachipereke kubwalo la ndege ku Chileka kuti dokotalayo apite nacho ku Halale.

Loweruka m'mawa Wilkins anagwada n'kusuzumira pansi pa nkhokwe pamene anachiika. Anapezapo nkhuku ikupalasa. Mkazi wake Mildred anali atalawirira kuchigayo, kamwana kawo Lily kali kumbuyo, ndiye pakhomo panatsala munthu mmodzi yekha woti n'kumufunsa: apongozi ake, a Magret, amene mwamwambo sankayenera kuwayang'ana kumaso, kuponda pakhonde pawo, kapena kulowa m'nyumba mwawo. Ananyonyomala kuseri kwa mtengo wa papaya, n'kuwafulatira.

"Odi kuno, amayi," anatero Wilkins, akuyang'ana papayayo.

"Odini, abambo a Lily," anayankha a Magret, akuyang'ana khoma. "Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Ndadzuka. Msana wokha, chifukwa cha ntchito munandipatsa ija."

"Ntchito, amayi?"

A Magret anaomba m'manja katatu, mofatsa. "Zikomo, apongozi. Zikomo kwambiri. Ena akapita ulendo amabwera ndi sopo. Sopo amatha. Ena mpango. Mpango umasuluka. Inu mwaganiza zakuya."

Wilkins anapendeketsa mutu pang'ono, n'kuba diso limodzi. Khonde la a Magret linali bii, losalala, likunyezimira kuyambira pakhomo mpaka pangodya.

"Amayi, musathokoze."

"Ndithokoza."

"Iyayi ndithu, musathokoze."

"Ndathokoza kale. Dothi lotere kuno kulibe. La kudambo kwathu kuja limachita mchenga. Ili ndimangoti ndikapaka, dzanja likuyenda lokha. Ndazira dzulo tsiku lonse ndikuimba."

"Matope aja si anga, amayi."

"Eee, si anu. Munandipatsa."

"Sindinakupatseni."

"Munaika pansi pa nkhokwe ya yani?"

"Yanu."

"Nanga mkamwini amapereka chinthu m'manja mwa apongozi ake?"

"Iyayi. Amaika poti achione okha."

"Ndiye ndinachiona."

Wilkins anakanda mutu. Zinali zoona, ndipo iye anali munthu woti chinthu chikakhala choona sangachikane, ngakhale chikumuluma.

"Ndinaika pamenepo chifukwa mpozizira, amayi. Matopewo ndi a Bwana Dokotala. Akuwadikira ku Chileka. Dzuwa likafika pamutu ndege inyamuka, ndipo ndikapanda kufika nawo, ntchito yanga yatha."

"Mzungu azira nyumba yake?"

"Sazira."

"Aumba mbiya?"

"Saumba."

"Ndiye dothi achita nalo chiyani? Mukamuuze kuti lapeza mwini wodziwa ntchito yake."

"Ndimati mwina, pepani amayi, mutandilola ndipaleko pang'ono ndi supuni."

"Mupale chiyani?"

"Khondelo."

"Iii!" A Magret anamenya ntchafu. "Mawa amayi a Mvano akubwera kudzapemphera pano, a Christobel aja amene amati khonde langa lili ngati msana wa ng'ona, ndiye apeze mabala a supuni? Ndipo mupala muli pati? Muponda pakhonde panga?"

"Ndikhoza kumangirira supuniyo kunsungwi."

"Mangirirani mtima wanu kunsungwiko."

Wilkins anaona kuti kopanda kufotokoza zonse, sizitheka.

"Amayi, m'matopemo muli zamoyo."

"M'khonde langa?"

"Eee."

"Nsikidzi?"

"Ting'onoting'ono kuposa nsikidzi."

"Utitiri?"

"Utitiri ndi njovu, amayi. Pamutu pa utitiri tikhoza kumanga mudzi, n'kutsala malo a manda."

A Magret anaweramira pansi, n'kuyang'anitsitsa. Anapukuta ndi chala, n'kuyang'ana chalacho. "Ine sindikuona kanthu."

"Sitioneka ndi maso. Pali makina agalasi, umatsinzina diso limodzi n'kusuzumira."

"Inu munationa?"

"Kamodzi. Bwana anandilola nditamaliza kutsuka."

"Tili ndi miyendo?"

"Tilibe."

"Mutu?"

"Tilibe. Ndi tokhota ngati nthochi, ndi kamchira kamodzi kumbuyo. Timangoti pikupiku m'madzimo."

"Kopanda mutu mwadziwa bwanji kuti uku ndi kumbuyo?"

Wilkins anaganiza kanthawi. "Ndi kumene kuli mchira."

"Ooo. Nanga mzunguyo akutifuniranji? Amadya?"

"Akufuna adziwe mtundu wake. Tizilombo tonse tili ndi mitundu, amayi, ngati ife. Tina tozungulira, tina tangati ndodo, tina topotana. Mtundu uliwonse uli ndi mbumba yake ndi dzina lake. Koma iti Bwana wafufuza, wafufuza, sakutipeza paliponse. Akuti mwina ndi mtundu woti chiyambire dziko palibe anauonapo."

"Atifunse eni ake."

"Sitilankhula."

"Nanga munthu wosalankhula mtundu wake mumaudziwa bwanji?"

"Amatipaka utoto. Mitundu ina imagwira wakuda ngati wa nthudza, ina imagwira wofiira. Iti tinagwira wofiira. Kenako amatipatsa zakudya zosiyanasiyana aone chimene tidye. Anatipatsa shuga."

"Tinadya?"

"Tinakana."

"Ndi taulemu," anatero a Magret, akugwedeza mutu. "Mlendo wolera bwino amayamba wakana. Akanatikakamiza kachiwiri."

"Anatikakamiza kachiwiri. Tinakananso. Timafuna mchere basi. Popanda mchere sitikhala."

A Magret anafunsa ndi mawu ena, otsika. "Paja mwati zachokera kuti zimenezi?"

"Ku Beira."

"Kwa Apwitikizi?"

"Eee."

"Amayi anga anachokera kwa Apwitikizi, wapansi, ine ndili kumbuyo. Mayi ameneyo shuga sankamufuna. Tiyi ankalavula. Koma mchere! Ankachita kunyambita m'manja ngati mbuzi." Anasisita khonde lija ndi chikhato. "Mzungu wanuyo akuvutikiranji? Awa mtundu wawo ndi wathu."

"Amayi, kwanu kunali kumapiri. Uku ndi kunyanja."

"Dziko ndi limodzi. Ndipo akhala bwino pano. Pali mphepo yabwino, pali kadzuwa. Auma bwinobwino."

Wilkins anadzidzimuka. Anali atakumbukira chimene dokotala anamuuza katatu konse m'sitima. Anakhala pansi kuti khu.

"Mwagwa, apongozi?"

"Mphepo, amayi. Mphepo imatipha. Timakhala pansi pa matope, pamene mpweya sufika. Tikauma ndiye basi."

"Basi chiyani?"

"Tafa."

"Tonse?"

"Tonse."

A Magret anachotsa dzanja pakhonde msangamsanga, n'kulipukutira m'chitenje. "Ndiye kuti ndazira ndi maliro?"

"Eee, amayi."

"Angati?"

"Bwana akuti m'supuni imodzi muli ambiri kuposa anthu a m'Nyasalande."

"Ine ndapaka mabeseni awiri."

"Ndiye muonjezepo Rodeshiya wa kumpoto ndi wa kumwera."

"Mayo ine! Chitaganya chonse chafera pakhonde panga!" Kenako anati, "Chabwino, chimenecho sitingalire kwambiri."

Koma Wilkins sanaseke. Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ntchito yanga, amayi. Bwana anati ndikasunga bwino andichotsa kumabotolo, ndizikhala pagalasi. Tsopano andichotsa konse."

"Musadandaule. Khasu lilipo."

"Amayi."

"Munda wakudambo uja wakhala ukukufunsani chiyambire ukwati wanu. Akamwini a anzanga amalima. Wanga amatsuka mabotolo opanda kanthu, abwere kumudzi manja ali mbee ngati a namwino. Mulungu ali ndi njira zake." Anadzuka, akuwongola msana. "Lekani ndikaone otsala aja. Khonde likayamba ming'alu, madzulo ndibwerezanso."

Wilkins anadzutsa mutu. "Otsala?"

"Theka."

"Theka la chiyani?"

"La chitini. Kodi kwanu amazira kamodzi? Umapaka koyamba, liume, ling'ambike, ndiye ubwereze. La pansilo sindinalikhudze. Madzi ake ali pamwamba pomwepo, ndatseka chivundikiro kuti gwa, lingaume."

Wilkins analumpha. Anatembenuka theka, n'kukumbukira, n'kubwereranso kupapaya wake mpaka anagunda mphumi. "Amayi! Mulungu akudalitseni! Chili kuti?"

"M'nyumba mwanga."

"Pozizira?"

"Kuseri kwa mafuwa. Potenthera bwino."

"Potenthera? Usiku wonse?" Wilkins anawerenga ndi zala, nkhope ikuwala. "Ndiye taswana!"

Akanadziwa, akanaluma lilime. Kenako anamva a Magret akukhalanso pansi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wafika pamlandu woudziwa bwino.

"Mwati taswana?"

"Eee. Tikamva kutentha timaswana msanga."

"M'nyumba mwanga?"

"M'chitini."

"Chitini chili m'nyumba ya yani?"

"Yanu."

"Bambo wake ndani?"

"Tilibe bambo. Kamodzi kamangotalika, n'kuduka pakati, tikhale tiwiri. Tiwirito n'kudukanso."

"Opanda bambo. Ndiye nkhani ndi yaifupi. Abambo a Lily, Lily anabadwira kuti?"

"Pano."

"Ndi wa yani?"

"Wa mbumba yanu."

"Mungamunyamule kupita naye ku Halale?"

"Sindingayerekeze. Atsibweni ake a Mildred angandithyole miyendo."

"Basi. Amene munabwera nawo ku Beira, tengani, ndi alendo anu. Obadwira pano asiyeni."

"Amayi, awa si ana. Ndi tizilombo."

"Munati ali ndi mitundu ngati ife?"

"Ndinatero."

"Munati ali ndi mbumba?"

"Ndinatero."

"Nanga ndawonjezera chiyani ine?"

Wilkins anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litadutsa kale denga la nkhokwe, ndipo njira ya ku Chileka panjinga si yapafupi. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi.

"Sindingawasiyanitse, amayi. Onse ndi ofanana."

"Akuluakulu ndi anu. Ang'onoang'ono ndi anga."

"Palibe wamkulu. Kakaduka pakati, uyu ndi theka, uyunso ndi theka. Kamene kanabwera kaja sikakhalaponso."

"Sikakhalaponso?"

"Iyayi."

"Ndiye a ku Beira aja atha?"

Wilkins anatseka maso. "Tikanena zoona, atha."

"Ndiye onse m'chitinimo ndi obadwira pano. Zikomo, apongozi. Ndinu munthu wachilungamo. Ndimauza anthu nthawi zonse."

"Amayi, chonde. Akungopita kukayezedwa. Ku Halale kuli galasi lalikulu. Akaona mtundu wawo, awapatse dzina."

"Ku Halale! Abambo a Mildred anapita ku Halale, akuti akagule njinga abwere. Mildred anali asanamere mano. Lero Mildred ali ndi wake mwana, njinga ija ikupalasidwabe. Ku Halale kumabwera munthu? Fodya wathu ku Halale, anyamata athu ku Halale, lero afuna ndi za kuseri kwa mafuwa anga?"

"Awa akwera ndege."

"Ndiye asowa msanga. Ndipo dzina mwati awapatsa ndani?"

"Bwana Dokotala. M'Chilatini."

"Chilatini cha ansembe chija?"

"Mayina onse a tizilombo amakhala a Chilatini."

"Ha! Ana obadwira m'nyumba ya mayi wa Mvano akasanduke Akatolika? Ndikawauza chiyani abusa? Iyayi. Mayina ndipereka ndekha. Woyamba Edson."

"Amayi, alipo ambiri kuposa..."

"Ndiyamba ndi amene ndingathe."

Kutali, cha kumwera, kunamveka kulira kwa ndege ikutsika. Inali yomweyo, yobwera kudzatenga anthu. Wilkins anaimvetsera mpaka inaleka. Anafunafuna m'mutu mwake pamene apongozi ake analakwitsa, koma sanapapeze. Ana ndi akuchikazi. Obadwira pano ndi a pano. Iye mwini anavomera zimenezo tsiku la chinkhoswe, pamaso pa anthu. Anapumira m'mwamba, n'kuvula chipewa.

"Chabwino, amayi. Mwapambana. Ndi anu."

"Eee."

"Khasu ndiyamba Lolemba. Koma poti ndi anu, ndikuuzeni kaleredwe kake, angafe ngati anzawo aja."

"Ine ndalera asanu ndi mmodzi, musandiphunzitse."

"Madzi a pachitsime musawapatse. Amafuna a m'nyanja yamchere."

"Ndithiramo mchere wa kwa Mmwenye."

"Phala ayi."

"Nanga amadya chiyani?"

"Zowola za m'matope momwemo. Ndipo chachikulu, amayi, musamatsegule chitini."

"Adzukulu anga ndisawaone?"

"Simungawaone ngakhale mutatsegula."

"Ndiye andione iwowo."

Wilkins anamva mapazi akulowa m'nyumba, kenako akutuluka molemera. Chitini chinatera pakhonde kuti di.

"Amayi, musatsegule."

"Dzulo ndinatsegula, sindinafe."

"Dzulo chinali chochokera pozizira. Lero chagona pamoto."

"Edson," anaitana a Magret mokoma, akukanula chivundikiro ndi mpeni. "Edson, ndi agogo."

Chivundikiro chinati phu! Ndipo chimene chinatuluka m'menemo, Wilkins anachimva ali kupapaya kuja. Tangoganizani mazira a nkhuku yothawa chisa, onse ataphulika pamodzi m'nyumba yotseka mwezi wa Okutobala. Nkhuku ya pansi pa nkhokwe ija inakuwa n'kuthawira kwa aneba. Galu amene anagona pabwalo anadzuka, n'kuyetsemula, n'kuchoka osayang'ana m'mbuyo.

"Tsekani, amayi! Mphepo iwapha!"

"Iwaphe iwowo? Ikupha ine!" A Magret anabwezera chivundikiro ndi chibakera, akutsokomola, misozi ili chuchuchu. Anaiwala khoma, anaiwala mwambo, anatembenuka n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wawo. Wilkins anabisa nkhope m'chipewa.

"Chafa m'menemu n'chiyani?"

"Palibe chafa, amayi," anayankha ali m'chipewamo. "Ndiye kuti ali bwino. Akakhuta amapuma choncho."

"Dzulo kanali kafungo chabe!"

"Dzulo anali ochepa."

"Nanga mawa?"

"Mawa adzakhala ochuluka kuposa lero."

"Chivundikirochi chigwira?"

"Lero mwina. Mpweya ukachuluka chimadzitsegula chokha."

"Amayi a Mvano ali pakhonde?"

"Sichisankha nthawi."

A Magret anayang'ana chitini, anayang'ana khonde lawo lonyezimira, anayang'ananso chitini. Anatenga munsi, n'kuyamba kuchikankha nawo pang'onopang'ono mpaka chinafika pabwalo.

"Tengani."

"Sindingathe, amayi."

"Mwati bwanji?"

"Ndi a mbumba yanu. Mkamwini satulutsa ana pamudzi popanda mwini mbumba. Tidikire a Zakeyo, atsibweni a Mildred, abwereko ku Madziabango, avomere."

"A Zakeyo abwera Lachitatu!"

"Ndidikira. Ndizilima kudambo."

"Ndakuuzani ine, mayi wa pakhomo pano, tengani!"

"Mumanena nokha kuti ndine munthu wachilungamo. Mawa anthu adzati Wilkins anaba Edson."

"Edson wake uti!"

"Woyamba uja."

A Magret anakokera chitenje kumphuno, ananyamula chitini chija atachitalikitsa ngati mphika wotentha, n'kuthamanga nacho kumene kunatsamira njinga ya Wilkins. Anachikhazika pakaliyala, anang'amba luzi pamtolo, n'kumanga mfundo zitatu zakufa nazo. Kenako anaikankha njingayo mpaka inamugunda mkamwini wawo m'mawondo.

"Amayi, nanga mwambo?"

"Mwambo ndimaudziwa kuposa inu. Mbumba yathu ndimaidziwa yonse, kuyambira kwa Apwitikizi mpaka pano, ndipo fungo ili kwathu kulibe. Awa atengera kuchimuna. Kwerani, bambo, mupite nawo ana anu!"